Tsiku Limene Sindinatuluke M'chipinda cha Akulu a Mpingo

Mkazi wanga anamwalira dziko litangolowa m'ndale za zipani zambiri. Anandisiyira mwana mmodzi, wamkazi, amene pa nthawiyo anali ku sekondale. Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ku Mhuju. Ndinkadziwa kumugulira nsapato ndi kumuthandiza masamu, koma zina zonse zimene mtsikana amafuna kumva akamakula ndinazisiya m'manja mwa mlongo wanga, amene kwathu kuno timati ankhazi a mwanayo. Ndiwo mwambo wathu. Bambo ndi mwana wake wamkazi sakambirana za kuchipinda, ndipo sazimvera pamodzi.

Zaka zimenezo wailesi inayamba kulankhula poyera za makondomu ndi za matenda opatsirana pogonana. Nkhani yotere ikangoyamba, mwana wanga ankadzuka kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Akachedwa kudzuka, ndinkatuluka ndine kukaona nkhuku.

Mwana ameneyo ndiye anasankha nkhani zomwezo kukhala ntchito ya moyo wake. Anaphunzira unamwino ku yunivesite, nagwira ntchito pa chipatala china cha m'mbali mwa nyanja, kenako anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro kunja. Anabwerako anthu akumutchula dokotala, osati wobaya jakisoni koma wofufuza, ndipo anayamba kuphunzitsa pa yunivesite. Tsiku lina anandibweretsera magazini ya asayansi momwe munali zimene analemba. Ndinaona dzina la kwathu litasindikizidwa bwinobwino, mtima wanga unasangalala. Nditawerenga mutu wake ndinatseka. Chingerezi ndimachidziwa, ndipo vuto linali lomwelo. Anzanga akandifunsa kuti mwana amachita chiyani, ndinkangoti amafufuza za umoyo wa mabanja.

Nditapuma ntchito ndinabwerera kwathu ku Chitimba, ndipo mpingo unandisankha kukhala mmodzi wa akulu. Mwana wanga anali atayamba kale kafukufuku wake m'madoko a kuno. Ankabwera ndi ophunzira ake, n'kumakhala pansi ndi amayi oyanika usipa pa thandala, kucheza nawo masabata. Zimene ankakambirana ndinkazimva kudzera kwa mlongo wanga, ndipo iyenso ankandiuza mosefa.

Nkhani yake inali iyi. Amayi oyembekezera akapita kusikelo ankayezedwa magazi, ndipo opezeka ndi chindoko ankalandira mankhwala. Koma ambiri ankadwalanso asanabereke, chifukwa amuna awo sankapita kukalandira mankhwalawo. Mathero ake anali makanda obadwa atafa kale. Achipatala ankati asodzi ndi anthu osamva. Mwana wanga sanakhutire ndi yankho limenelo. Atafunsafunsa anapeza kuti chipatala chimatsegula m'mawa, nthawi imene msodzi wangotsika m'bwato ndipo akufuna tulo, komanso kuti mwamuna safuna kuima pa mzere wa amayi apakati anzake akumuona. Anaonanso kuti mwezi ukamawala kwambiri usipa subwera ku nyali za asodzi usiku, choncho amuna amakhala kumtunda masiku angapo akusoka maukonde. Iye anafuna kuti masiku amenewo azaumoyo aamuna azibwera kudzayeza ndi kuthandiza amunawo pamalo awoawo. Malo okhawo oyenera pafupi ndi doko anali holo ya mpingo wathu.

Holoyo sikanaperekedwa popanda chilolezo cha akulu, ndipo abusa anati wopemphayo abwere adzafotokoze yekha. Apa m'pamene nkhani inandipeza ine.

Mlongo wanga sanaone chovuta. Anati mwana akamadzayamba kulankhula ine ndidzatuluke, monga bambo aliyense wolongosoka angachitire. Koma pakati pa akulu panali wina, mwini mabwato, munthu wopereka kwambiri ku mpingo ndi wa pakamwa pakuthwa, amene ankakana kuti holo ya Mulungu isanduke malo okambira zonyansa. Iyeyu anali atanena kale pamsika kuti nkhani imene bambo wake wa mwanayo sangathe kuimva, mpingo uimverenji. Ndinadziwa kuti ndikatuluka, ambiri amutsata ndipo holo siperekedwa. Ndikakhala, ndiphwanya mwambo umene ndinausunga kuyambira mwana wanga ali wamng'ono, ndipo mwina iye yemwe alephera kulankhula.

Ndinapemphera za nkhaniyi masiku angapo. Sindinganene kuti ndinamva yankho lomveka. Ndinkangoganiza za mkazi wanga, amene akanadziwa chochita msanga kuposa ine, ndipo mwina akanandiseka.

Tinakumana Lamlungu masana, mapemphero atatha, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Mwana wanga analowa atamanga chitenje pamwamba pa diresi. Munthu amene amaphunzitsa madokotala anagwada pakhomo n'kupereka moni kwa aliyense, ndipo ine anandipatsa moni pomalizira, maso ali pansi. Abusa anatsegula ndi pemphero, kenako anatembenukira kwa ine mwaulemu.

"Adada, ngati mukufuna kukapumako kamphepo panja, tikuitanani tikamaliza."

Ndinawathokoza, ndinati yewo, koma ndikhala.

Mwini mabwato anaseka pang'ono. "Aphunzitsi alimba mtima lero. Tiyeni tione ngati afike nawo kumapeto."

Mwana wanga anayamba kufotokoza, koma m'Chingerezi. Ndinadziwa kuti akubisala m'menemo. Mawu ake anali a m'mabuku, aataliatali, ndipo akulu ena anayamba kuyang'ana kudenga. Mwini mabwato anamudula.

"Amama, kuno digiri tilibe. Tiuzeni m'chilankhulo chimene mumalirira mukapsa ndi moto."

Mwana wanga anagwira chitenje chake n'kuyang'ana pansi. Ndinali ndisanamuonepo akusowa mawu chiyambire ali mwana. Ndinalankhula ndikuyang'ana patebulo.

"Yowoya, mwana wane, lankhula. Ndikumva."

Anapuma, nayambanso m'chilankhulo chathu. Anatchula matendawo ndi dzina lake. Anafotokoza mmene amachokera kwa mwamuna kupita kwa mkazi, ndi kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba. Sanakometse ndipo sananyoze munthu. Ine ndinapeza kuti ndikuwerenga mizere ya thabwa la tebulo, koma sindinasunthe.

Mwini mabwato anati zonsezi wazimva, koma iye wakhala mu mpingo uno zaka zambiri ndipo maliro a makanda ochuluka choterewo sanawaone. Anafunsa ngati si nkhani zongokulitsa kuti azungu atumize galimoto.

Mwana wanga anamuyankha modekha. "Simungawaone, adada. Mwana akabadwa atafa, amakamuika ndi amayi okha. Belu sililira, nyimbo siimbidwa, amuna simupita. Inu mumangomva kuti mayi uje wadwala. Funsani amayi a kunyumba kwanu kuti chaka chino apitako kangati."

Zimene ananenazo tonse tinkazidziwa, chifukwa ndi mwambo wathu womwe, koma palibe mwa ife anali ataganizapo kuti mwambowo umatibisira chiyani. Mkulu wina wachikulire, amene kawirikawiri salankhula pa misonkhano, anati mpongozi wake wapita kumandako kawiri, ndipo iye ankayesa kuti ndi tsoka chabe.

Abusa anafunsa maganizo anga. Ndinati ine sindingaweruze ntchito ya mwana wanga, chifukwa ndine bambo wake ndipo zambiri za ntchitoyo ndazimva lero lomwe. Koma ndinati holoyo timabwereketsa a ukwati ndi a misonkhano ya feteleza, ndipo sindikuona chifukwa chowamanira makanda holoyo.

Sitinagwirizane tonse. Mwini mabwato anakana mpaka kumapeto, ndipo ena awiri anali naye. Ambiri anavomera kuti tiyese kwa miyezi ingapo, bola pakhomo pasapachikidwe zithunzi.

Pobwerera kunyumba ine ndi mwana wanga tinayenda m'mbali mwa msewu waukulu, malole akutidutsa. Tinakambirana za denga la khitchini limene linkadontha. Za m'chipinda muja sitinazitchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mlongo wanga anandikwiyira, nati ndachititsa manyazi malemu mkazi wanga, ndipo panapita nthawi asanabwerenso kudzandiona. Sindimuimba mlandu. Anasunga mwambo umene unamulera, ndipo ndi iye amene anandilerera mwana.

Mwezi woyamba kunabwera amuna ochepa, ena akunamizira kuti adzaona mabenchi atsopano. Mwezi wotsatira anachulukirapo. Patapita nthawi, anyamata a m'mabwato a mkulu wokana uja anayamba kubwera onse pamodzi, ndipo tinamva kuti ndi iye amene ankawauza kuti wosapita kuholo asakwere bwato lake. Kwa ife sanavomerepo kuti anasintha maganizo, ndipo ife sitinamufunse.

Mwana wanga analemba zimene zinachitika kuno, ndipo madoko ena a m'mbali mwa nyanja anatengera njira yomweyo yotsata mwezi. Pano ndi pulofesa. Ophunzira ake ena ndi madokotala kale, ndipo akamadutsa amaima panyumba kudzandipatsa moni ngati kuti ndinachitapo kanthu. Ndimawauza kuti ine ndinangokhala pampando.

Zowerengera zake sindizidziwa, ndipo sindifuna kunena zimene sindingathe kutsimikiza. Chimene ndimaona ndi cha pa ubatizo. Ntchito yanga tsiku limenelo ndi kugwira beseni la madzi pambali pa abusa. Lamlungu lina anafika kutsogolo mpongozi wa mkulu wachikulire uja, mwamuna wake ali pambali, atanyamula mwana wonenepa amene analira mpaka kwaya inasokonezeka. Agogo ake anali pa benchi ya akulu, akupukuta magalasi nthawi yaitali. Abusa anachita kubwereza dzina la mwanayo kuti mpingo ulimve.