Makapu awiri a Tiwonge

Ndine ndinatembenuza makapu a Tiwonge. Mnzanga wa m'kalasi ameneyu anapanga choyezera mphepo: makapu anayi a pulasitiki pa masipoko a njinga, onse oyang'ana kumodzi kuti mphepo iziwazunguza. Chikagwira ntchito, amayenera kuchoka nacho kuno ku Tembwe kupita kumpikisano wa sayansi ku Chama. Ine ndinangotembenuza awiri.

Unali mwezi wa Ogasiti. Fumbi linkalowa m'mano, malata akulira, koma kwa masiku atatu Tiwonge ankalemba m'kope kuti, "Mphepo: palibe." Anathiramo ngakhale mafuta ophikira a amayi ake. Makwerero okwerera padenga la sukulu, pomwe anachiika, ndinamugwirira ndine.

Tsiku lachinayi aphunzitsi a Goma anakwera okha, n'kutsika akumwetulira.

"Wachita izi akuidziwa sayansi," anatero m'kalasi. "Aimirire, aperekeze Tiwonge ku Chama."

Matako anga ananyamuka pang'ono. Koma mawu okoma omwewo ndi amene anagwirira akuba mango chaka chatha, ndiye ndinanamizira kukonza thalauza.

Anaperekeza ndi Isaki, munthu wosatha ngakhale kupopa njinga. Manje tsiku lililonse Isakiyo amandisimbira za tchipisi cha ku boma.

Tiwonge, za makapu sindikupepesa. Chikundiwawa ndi tchipisi.