Anafufuta bambo anga poyesa kamera

Mphindi 54 za malemu bambo anga zapita. Wazifufuta ndi mmisiri wina wokonza mawailesi ndi makamera pa Boma pano, ndipo mpaka lero sakuona chimene walakwa.

Ndili ndi kamera ya vidiyo ya HD, zija zolowa tepi yaing'ono ngati bokosi la machesi. Ndinaigula ndikugwira ntchito ya utolankhani. Ubwino wake sindingaukane. Chithunzi chimawala moti mutha kuwerenga imvi za munthu, ndipo tepi mukaisunga pouma imakhala zaka. Kuipa kwake n'kwakuti popanda kamerayo tepi simungaionere. Kuti vidiyo ipite pa kompyuta pamafunika chingwe chimene makompyuta a masiku ano alibe polowetsa. Tepi ya ola limodzi imadyanso ola lathunthu poikopa. Matepi atsopano? Zungulirani msika wonse wa Ntcheu, simuwapeza.

Pa tepi imodzi ndinajambula bambo ali pakhonde kwathu ku Nsipe, chaka chimene anamwalira. Ola lathunthu. Anafotokoza za kumigodi ku Joni, anatchula mayina a makolo athu mmodzimmodzi, anaimba nyimbo za ngoma m'Chingoni zimene ana tonsefe sitizidziwa. Mawa Loweruka tikutsegula chiliza chawo. Mayi anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti amvenso mawu a amuna awo.

Kamera inali itayamba kuonetsa mizeremizere. Lolemba, 9:20 m'mawa, ndinaisiya kwa mmisiriyo, tepi ili momwemo. Ndinamuuza kawiri: pukutani m'kati, koperani vidiyo pa fulashi, batani lofiira musalikhudze.

"Zazing'ono izi, bwana. Mawa 10 koloko," anatero.

Lachiwiri anati magetsi anazima. Lachitatu anati chingwe chili kwa mnzake ku Balaka. Lachinayi, 2:15 masana, anandilandira akumwetulira. Chingwe sichinabwere, anatero, koma kamera yachira, waiyesa yekha.

"Mwaiyesera pa tepi iti?"

"Yomwe inali momo, bwana. Nanga yatsopano ndikanaitenga kuti?"

Ndinabweza tepi pomwepo n'kuonera pa kagalasi ka kamera. Bambo palibe. Pali msewu, akabaza akulimbirana kasitomala, mayi wina akuunjika mbatata ya kachewere. Mmisiriyo anaiika kamera pawindo ikujambula n'kupita kukadya, kuti aone ngati siitentha. Chithunzi chake chokongola zedi. Nambala ya minibasi iliyonse ikuwerengeka.

Anandiuza kuti ndisadandaule, ali ndi pulogalamu yobweza zofufutika. Ndinamufotokozera kuti tepi si memori khadi. Chatsopano chikalembedwa pamwamba, chakale chatha. Anandiyang'ana ngati wosadziwa ntchito ndine. Kenako anati vuto ndi langa, bwanji sindinakankhe kotsekera ka pa tepi, kamene kamaletsa kujambula pamwamba.

Apo sananame. Ndi kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo zaka zonsezi sindinakakankhe. Zimenezo ndizisenza ndekha. Koma kodi mmisiri sayamba waona zimene zili pa tepi ya mwini? Kapena pamene ndinkati batani lofiira musalikhudze, ndinkalankhula Chingoni?

Pomaliza anati basi, sandilipiritsa. Zikomo kwambiri. Mayina a makolo anga ndikawapeza sitolo iti? Ndikadandaula kuti? Kulikonse kumene ndingapite andifunsa mtengo wa tepi.

Inu amene muli ndi matepi a ukwati kapena a maliro m'masutikesi, kankhani kotsekera kaja lero. Musasiye tepi m'kamera yopita kokonza. Akamakopa, khalani pomwepo ola lonselo, ngakhale akupatseni mpando wothyoka.

Dzulo madzulo ndinapita ku Nsipe ndi mphindi zisanu ndi imodzi zotsalazo. Mayi anavala magalasi n'kuyandikitsa kagalasi kumaso. Bambo anaoneka akupukuta pakamwa, nkhani itatha kale. Anamwa tiyi, anatsokomola, anaingitsa nkhuku. Kenako anayang'ana kamera n'kunena kuti, "Zonse ndanena, usadzati sindinakuuze. Zimitsa chinthu chakocho."

Mayi anaseka. "Ndi iwowo. Bwezera kumayambiriro mwanawe, ndimve mayina aja."

Ndinabweza tepi. Panabwera akabaza.