Mpala pa Phunziro la Chingerezi

Dzulo ndikugula lezala pa Kamwendo, ndinangomva mphepo ikuzizira pamutu, ngati tsiku lija.

Ndinali sitandade faifi. Amayi titawaika, azakhali anatimeta tonse mpala, ndipo Lolemba ndinabwerera kusukulu. Ndinapeza kwabwera mphunzitsi watsopano wa Chingerezi, amadamu ochokera kumpoto, osadziwa aliyense wa ife.

Pabolodi analemba mawu atatu: sad, sadder, saddest. Anatifotokozera kuti chisoni chimaposana, pali chochepa, chokulirapo, ndi chachikulu koposa. Kuti timvetse, anafuna ana atatu apite kutsogolo akaonetse ndi nkhope. Woyamba anakwinya nkhope, anzanga anaseka. Wachiwiri anadzigwira tsaya, kuseka kunakula.

"Iwe wampala, bwera udzaime kumapeto," anatero akumwetulira. "Iweyo sukufunika n'kuyeserera komwe."

Ndinapita. Palibe amene anaseka. Kunja kunkamveka ngolo ya fodya ikudutsa.

Mtsikana amene ndinkakhala naye desiki imodzi anakweza dzanja. "Madamu, ameneyo amayi ake tinaika Lachinayi."

Amadamu anayang'ana mutu wanga, kenako bolodi. Choko chinawapulumuka m'manja n'kuthyoka pawiri. Anabwera pang'onopang'ono, akununkhira sopo, n'kundisuntha pamalo paja.

"Apa ndiima ndine, mwanawe," anatero motsitsa mawu.

Anaima kumapeto kwa mzere, ine ndili pambali pawo, nkhope nditaibisa m'chitenje chawo. Dzanja lawo lofunda, la fumbi la choko, linaphimba mpala wanga, ndipo mphepo ija ndinasiya kuimva.