Nkhuku Imene Sitinadye

Kontrakiti ya bambo ku fakitale ya tiyi itatha, nyumba ya pa esiteti inatheranso pomwepo. Kumeneko nyumba si yako, ndi ya ntchito. Tinamanga katundu n'kukapeza chipinda pamdadada wina ku Luchenza, kuseri kwa msika. Bambo anayamba kabaza, mayi n'kumapitabe kukathyola tiyi, ine ndili Fomu 3.

Ku Luchenza chilichonse n'chogula. Pa esiteti madzi tinkangotunga, nkhuni tinkatola mlonda akayang'ana kumbali. Kuno madzi ndi ndalama, makala ndi ndalama, ngakhale chimbudzi cha pamsika pali munthu wokhala pakhomo atatambasula dzanja. Koma chimene chinkatidya kwenikweni chinali lendi, chifukwa lendi ya pamdadada wathu inali ndi mphuno.

A landilodi ankakhala kutali, ku Masambanjati. Ankabwera pakutha pa mwezi basi, pa njinga yamoto, atavala jekete lachikopa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Koma ankadziwa zonse. Akaima pakhomo panu n'kunena kuti, "Ndamva kuti zinthu zikuyenda," dziwani kuti lendi yanu yakwera, yanu nokha. Mayi atagula ndowa yatsopano, anamva. Titadya nyama ya mbuzi pa Khirisimasi, anamva, mpaka anadziwa kuti inali ya mwendo.

Ndiye tinkakhala ngati akuba m'nyumba yolipira tokha. Mayi ankakazinga anyezi atatseka chitseko ndi zenera, tonse tikutsokomola. Shuga ankalowa m'nyumba ali pansi pa dengu, pamwamba pake nkhwani. Tikadya kanyama, mafupa ankalowa m'chikwama changa cha sukulu kuti ndikataye m'munda wa tiyi panjira. Agalu a njira imeneyo ankandidziwa kuposa aphunzitsi.

Tsiku lina bambo anabwera atatopa, n'kuimika njinga, n'kunena osayang'ana munthu: "Akakwezanso tikupita ku Changata. Ine miyendo ndi iwiri yomweyi."

Ku Changata ndi kwawo kwa mayi. Kuli chinangwa, kuli nthochi, kuli azakhali okonda kufunsa kuti mtsikana wamkulu chonchi akudikira chiyani. Sukulu imene anandisankhira ili kuno. Ndinadziwa kuti tikakwera minibasi imeneyo, mayeso a Fomu 4 ndidzangowamva pa wayilesi.

Funso linali lakuti kodi a landilodi amawanong'oneza ndani. Pamdadada panali makomo anayi: lathu, la a telala amene ankasoka pakhonde, la amake mapasa, ndi la amayi ena a kwaya okonda kupempha mchere. Mayi ankakayikira amayi a kwayawo. "Mchere wanji wopempha maso ali pansi pa bedi?" Bambo ankakayikira a telala, poti munthu wokhala pakhonde tsiku lonse maso ake sakhala pa singano pokha. Ine ndinkakayikira amake mapasa, chifukwa ankachedwa kwambiri kudzala. Munthu wotaya zinyalala sawerama chonchija.

Moni tinkapatsana ndithu. "Mwadzuka bwanji, anebala?" "Tadzuka, kaya inu?" Uku aliyense akununkhiza mnzake.

Tsono ine ndine munthu woti ndinaikapo chule m'bokosi la choko, ndipo amene anakwapulidwa anali wina. Nkhani ngati imeneyi sindikanangoisiya. Ndinaganiza zopatsa aliyense bodza lakelake, kuti bodza limene likafike ku Masambanjati lindiuze mwini wake.

Ndinayamba ndi amake mapasa. Kumsika, kumene amaphera nkhuku zachizungu, ndinatola nthenga zoyera zodzaza jumbo. M'mawa mwake, nditawaona akupita kudzala, ndinatsatira n'kukhuthula nthengazo mothamanga ngati ndikubisa.

"Iwe, nkhuku pakati pa mwezi?" anafunsa.

"Chonde musauze munthu," ndinatero, n'kufotsera ndi phazi.

A telala ndinawakonzera katoni ya TV. Ndinaipempha pa shopu ina, n'kuikamo njerwa ziwiri kuti ndiziyenda mopepesuka. Ndinadutsa nayo masana, azimayi onse kulibe. Makina awo osokera anasiya kulira.

"Mwana wasukulu, chimenecho n'chiyani?"

"Mabuku, a telala."

"Mabuku a mainchesi angati?"

Amayi a kwaya anali osavuta. Ndinatola chigubu cha mafuta ophikira, chachikulu chija, n'kuchitsuka, n'kudzazamo tiyi wosuluka kwambiri. Tiyi ku Thyolo sasowa, ndipo akakhala m'chigubu, pamdima wa kuseri kwa chitseko, amaoneka ngati mafuta enieni. Atabwera kudzapempha mchere ndinawauza kuti alowe adzitengere okha. Anatuluka akuimba nyimbo ya chiyamiko chapansipansi.

Katoni ndi chigubu ndinazikankhira pansi pa bedi, kuseri kwa thumba la chimanga lopanda chimanga. Mayi sanadziwe kanthu.

Kenako kudikira. Apa m'pamene mantha anandigwira pang'ono, osati kwambiri. Ndinazindikira kuti msampha wanga ukagwira, woyamba kulowamo ndi lendi yathu. Koma nthenga zinali zitauluka kale.

Loweruka la kumapeto kwa mwezi, m'mawa, njinga yamoto inalira. A landilodi sanayambire pakhomo la a telala monga mwa masiku onse. Analunjika kwathu. Anthu onse a pamdadada anapeza chochita panja: wina kusesa posesa kale, wina kuyanika nsalu youma.

"Mayi, ndamva kuti zinthu zikuyenda."

"Zikuyenda kupita kuti, bwana?" anatero mayi.

"Musandibise. Nkhuku mukudya pakati pa mwezi."

Amake mapasa! Ndinkadziwa ine! Ndinali pafupi kuvina pamene anapitiriza.

"Mafuta mukugula chigubu chathunthu, anzanu akugula a m'timapepala. Ndiye TV yo, mukulumikiza magetsi a ndani?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Onse atatu! Ndinatchera mbewa imodzi, n'kugwira mudzi wonse.

Bambo anali atagwira chiwongolero cha njinga, nkhope itagwa. Mayi anayang'ana bambo, bambo anayang'ana mayi, aliyense akuganiza kuti mnzake ali ndi chuma chobisa. "Bambo ake, TV yake iti?" "Undifunse ine? Nkhukuyo munadya ndi ndani ine ndili pa siteji?"

Pamenepo kuseka kunandipambana. Ndinalowa m'nyumba, n'kukoka katoni, n'kuitula pamapazi pa a landilodi. Njerwa ziwiri zinagubuduka.

"TV ndi imeneyi, bwana. Imaonetsa tchanelo chimodzi."

Ndinabwereranso n'kutenga chigubu ndi kapu, n'kuthira, n'kugwada bwinobwino monga anandiphunzitsira mayi. "Mafuta ndi awa. Imwani, koma mupepese, shuga tilibe."

Ananunkhiza. Anayang'ana m'kapu nthawi yaitali.

"Nkhuku ndiye sindingakuonetseni," ndinatero, "inathera kumsika, ife tinangolandira malaya ake. Koma nthengazo anaziona ndi amake mapasa okha. Katoniyi anaiona ndi a telala okha. Chigubuchi anachiona ndi amayi a kwaya okha. Kaya zinafika bwanji ku Masambanjati."

Tsache linaima.

Anayamba ndi amake mapasa, akuloza a landilodi. "Inu munati ndikamakuuzani za anthu, ine simundikwezera! Chikhalirecho mwandikwezera kangati?"

"Nanenso anandiuza zomwezo!" anatero amayi a kwaya, kenako n'kudzigwira pakamwa.

"Ohoo! Ndiye za matilesi anga munakanena ndinu, amayi opemphera?" anatero amake mapasa.

"Nanga za foni yanga anakanena ndani? Si inu, ndi maso anu a kudzalawo?"

A landilodi anayesa kukweza mawu, akuti mwana wopanda mwambo, akuti makolo ake amulange, akuti zinthu zakwera kwa aliyense. Palibe amene ankawamva. Anaika kapu pansi, n'kulandira lendi yakale khomo ndi khomo osatchula mawu awo aja, n'kukwera njinga yamoto. Inakana kulira. Mapasa anawakankha mpaka pamsewu.

Mayi anandikokera m'nyumba ndi khutu. Akakwiya zenizeni amasiya Chichewa n'kulowa Chilomwe, ndipo tsiku limenelo anafika nacho mpaka kwa makolo a ku Mozambique. Akuti ndawavula pagulu. Akuti mudzi wonse wadziwa tsopano kuti pansi pa bedi pathu pali njerwa. Akuti bwanji akanatithamangitsa? Mthiko unandipeza kumsana. Bambo anatuluka kukapukuta njinga yopukuta kale, mapewa akugwedezeka.

Mayi anandiuza kuti ndikapepese khomo lililonse. Ndinapita, n'kugwada, n'kunena kuti, "Pepani kuti munaona." Mayi anati kupepesa kumeneko sikukuwerengedwa. Kwina ndilibe.

Ku Changata sitinapite. Lendi inadzakwera ndithu patsogolo pake, koma inakwera kwa tonse mofanana, a landilodi ataima pakati pa bwalo n'kunamizira mtengo wa petulo ngati malandilodi anzawo. Imeneyo bambo anaipalasa. Panopa ndili Fomu 4, chikwama changa chimanunkha mabuku okhaokha, ndipo agalu aja anandiiwala. Mayi amakazinga anyezi chitseko chili pululu.

Chinthu chimodzi chokha sichinandichoke m'mutu. Tsiku lija, phokoso litayamba kuzizira, a telala anafunsa mofatsa kuti, "Chabwino, za enazo tamva. Nanga za makina anga atsopanowa anakanena ndani?" Amake mapasa analumbira. Amayi a kwaya analumbira atakweza dzanja kumwamba. Mayi anga anati, "Ndiwo zanga zikupserera," n'kuthamangira m'nyumba.

Mbaula tinali tisanayatse.