Tsiku limene ndinavula taye pamaso pa apongozi

Ine ndine munthu wa taye. Ngakhale mu Okutobala, pamene chishalo cha njinga chimawotcha ngati chiwaya, ana asukulu amandipeza nditaimanga mpaka pakhosi. Anzanga amati ndidzalowa nayo m'manda, ndipo sindiwatsutsa. Ndinachokera kumtunda kudzaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina kufupi ndi Bangula, ndinakwatira konkuno, ndipo ndinkaona ngati ulemu wa mkamwini umayambira pa kolala.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, ndinkawaopa monga mwambo umafunira. Kwa zaka zoposa khumi sitinayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira uku, ine uko, moni n'kumapatsana titafulatirana. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, ine ndili pomwepo: "Uwauze bambo a anawo kuti mbuzi yawo yandidyera mapira." Yankho langa linkadzeranso njira yomweyo. Sikuti tinkadana ayi. Akapeza mlamba wonona, mutu wake unkabwera kwathu m'kambale kovundikira, ndipo ndinkadziwa kuti ndi wanga.

Chaka china aphunzitsi aakulu anaganiza zoti tichite tsiku loonetsa moyo wa pamsika wakale wa m'mbali mwa Shire. Ana asanduke opalasa mabwato, ophika mchere ndi osula makasu, ndipo pomaliza pakhale chionetsero cha zovala za nthawi imeneyo. "Inu ndi amene mumaphunzitsa zimenezi," anandiuza. "Mutsogolere. Mukhale woomba nsalu." Pakamwa panga m'pamene panandipachika, chifukwa chaka chilichonse ndinkanyadira m'kalasi kuti amuna a chigwa chino ankapota thonje n'kuomba nsalu zotchuka kutali. Sindinaganizepo kuti woomba nsaluyo ankayenda chifuwa chili pamtunda.

Anzanga anasoka masaka n'kuwanyika m'matope kuti aoneke akale. Ine, ndi matama anga, ndinafuna chenicheni. Mkazi wanga anandiuza kuti mayi ake ali ndi nsalu yoombedwa pamanja ndi agogo awo aamuna. Madzi osefukira atalowa m'mudzi usiku wina, mayiwo anasiya miphika, nkhuku ndi zofunda, koma nsaluyo anaisenza pamutu itakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Pempho langa linapita kudzera mwa mkazi wanga, ndipo yankho linabwera patatha masiku atatu.

"Akuti mutenge, koma isakhudze dothi. Chiombereni sinakhudzepo dothi. Akutinso iwo sabwera, sangaonerere mkamwini ali chosavala malaya."

Zakusabwerazo zinandipepuza mtima. Zadothizo zinandilemera.

Inali nsalu yolemera, yokhakhala, yotuwa ngati phulusa, yonunkhira utsi. Vuto linali limodzi: amuna akale anali oonda, pamene ine mimba yanga ndi ya tiyi ndi mandasi a mu ofesi. Nsonga zake zinkangopsompsonana. Mkazi wanga anati ndimange lamba mkati. Ndinakana, ndinati lamba wachikopa chakusitolo si wa m'mbiri. Anati nanga phini? Ndinakananso, phini ingaboole nsalu ya eni. Ndinaimanga ndekha motsatira chithunzi cha m'buku, n'kukokera mimba mkati. Iye anangogwedeza mutu n'kupita kukathandiza kuphikira alendo kuseri kwa makalasi.

Ulendo wa chionetserowo unali waufupi: kuchokera pagolo la bwalo la mpira, kukafika pa tebulo la alendo, n'kubwerera. Ndinanyamula kadengu ka thonje m'dzanja limodzi. Nditangotulukira, ana anafa nacho chiseko. Anali asanaonepo khosi langa, ndipo chifuwa chimene sichinaone dzuwa zaka zonsezo chinali choyezuka ngati cha munthu wina. Sindinasamale. Ndinayenda mwaufumu, ng'oma ikulira, mpweya nditaugwira.

Koma munthu sangagwire mpweya mpaka kalekale. Pakati penipeni pa bwalo ndinapuma, mimba inabwerera m'malo mwake, mfundo n'kumasuka. Ndinagwira kutsogolo ndi dzanja lopanda kanthulo, koma ndinamva nsonga ya kumbuyo ikutsetsereka pang'onopang'ono m'miyendo. Za manyazi sindinkada nazo nkhawa, kabudula analimo mkati. Chimene chinandiumitsa thupi ndi fumbi lofiirira lomwe linali kudikira pansipo. Ndikawerama, kutsogolo kugwa. Ndikayenda, kumbuyo kukwekwereza. Ndinangoima ngati chitsa, ng'oma nayo n'kuleka.

Kenako ndinaona munthu akuchokera kuseri kwa mtengo wa nimu, kumapeto kwa bwalo. Anali apongozi. Ndinamva pambuyo pake kuti anabwera m'mawa ndithu, n'kukhala chofulatira, mnzawo akuwafotokozera zochitika. Tsopano ankabwera mofulumira kuposa mmene ndinkadziwira kuti miyendo yawo ingathere, nkhope atatembenuzira kumbali, manja akumasula mpango wa kumutu. Imvi zawo zinaonekera pagulu, chinthu chimene ngakhale ana awo sankachiona kawirikawiri.

Anaiwakha nsongayo itatsala pang'ono kufika pansi. Kenako ndinawamva akucheukacheuka kumbuyo kwanga, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna: mwana wawo, kuti adutsiremo mawu. Koma mkazi wanga anali kumiphika. Panalibe wotuma.

Kenako anati, motsitsa mawu, "Kwezani manja, mwananga. Pumani bwino, mungatifere pano."

Ndinakweza manja, dengu lili m'mwamba. Anapota mpango uja ngati chingwe, anauzunguliza m'chiuno mwanga pamwamba pa nsalu, anamanga, n'kupindira mlomo wa nsalu kunja kuti mpango ubisike.

"Agogo ankamanga chonchi, ndi luzi. Buku lanulo silinanene?"

"Silinanene, mayi."

"Pyadidi, zili bwino. Tsopano yendani. Pang'onopang'ono, woomba nsalu sathamanga."

Ndinayenda. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta, koma sindikukhulupirira kuti ankalulutira ine. Pofika pa tebulo la alendo ndinali ndikulira, ndipo ndinathokoza dzuwa la kuno chifukwa aliyense anayesa thukuta. Zaka zonsezo ndinkadziwa kuti mayiwo amandikonda, mitu ya milamba inali umboni. Koma kudziwa n'kwina, kumva ndi khutu lako n'kwina.

M'mawa mwake zinthu zinabwerera mwakale. Nsalu ndinaibweza nditaipinda bwino, kudzera mwa mkazi wanga. Madzulo apongozi anaima kuseri kwa nkhokwe yathu n'kunena mokweza, "Uwauze bambo a anawo abweze mpango wanga, mutu ukundiwotcha."

"Uwauze kuti wasowa," ndinatero ine, ndikuyang'ana khoma.

Ndinamva akuseka chapansipansi mpaka kutsokomola. "Uwauze ausunge. Mimba imeneyo idzaufunanso."

Ndinawagulira wina pamsika, koma uja ndinasunga. Uli pa msomali umodzi ndi mataye anga, ndipo m'mawa uliwonse ndimausuntha kuti nditenge ya tsikulo.

Sanandilankhulenso mwachindunji mpaka pamene anatisiya, dzinja lapitali. Anali atauziratu mwana wawo kuti nsalu ya agogo ipite nawo, ndiponso kuti wokaitulutsa m'bokosi ndi kuinyamula akhale bambo a anawo, poti amadziwa kulemera kwake. Ndinainyamula ndi manja awiri, m'mwamba, kuchokera kunyumba mpaka pamene anagona. Tsiku limenelo m'pamene nsaluyo inapita kudothi koyamba, itawafunda eni ake.