Nyimbo yanga ikuvinidwa pa kachasu

Anzanga, a Nester ndinakumana nawo pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa chipatala ku Dwangwa. Pamenepo ndi pomwe timasonkhana Lachitatu, ife amene mowa unatigwetsa.

Ine ndine Ramsey. Mphamvu zanga zinathera m'munda wa nzimbe, zotsalazo anamaliza ndi kachasu. Sukulu sindinapite nayo patali, mukaona polakwika muzingodumpha.

Namwino wathu, a Liness, sapereka mapiritsi okha. Amati aliyense apeke nyimbo yakeyake, pakhosi pakayamba kuyabwa aziyimba mpaka chilakolako chidutse. Ine ndinaseka. Nkhalamba ngati ine, kwaya?

"Musaseke bambo," anatero mayi wina wamasiye amene anakhala pambali panga. "Manja anuwo akunjenjemera kale. Aikeni pa ng'oma, apindule."

Anali a Nester amenewo.

Nyimbo tinapeka awiri. Ine kutsogolera, iwo kuvomera: "Botolo pita wekha, Ramsey watsala." Ndinaikamo zonse. Za mkazi wanga amene anathawa. Za tsiku lomwe anandivuula m'ngalande ya nzimbe, matope mpaka m'makutu. Zinthu zoti ngakhale abusa sindinawauzepo.

Pakhosi pakavuta ndinkapalasa njinga mpaka kwa a Nester ku Kanyenda.

"Chabweranso?"

"Chabwera, mayi."

"Khalani pamphasapo. Yambani, ndivomera."

Ndipo chinkachokadi! Ndinayamba kumeta ndevu, kusita malaya. Mng'ono wanga Fidelis ndinali nditamuuza kale kuti akonzeke, adzakhala nkhoswe.

Kenako a Nester anayamba kujomba Lachitatu. Ndikaimba foni, "Ndili busy a Ramsey, ndikupezani."

Tsiku lina anthu a ku esiteti ya nzimbe atalandira malipiro, ndinkadutsa pa shabini ya Steward dzuwa lili paliwombo. Ndinamva ng'oma. Kenako ndinamva dzina langa...

Anzanga, amuna akuluakulu ankavina mabotolo ali m'mwamba. Wina ankagubuduka m'fumbi kuyerekeza ine m'ngalande, anzake kufa nako kuseka. Wotsogolera nyimbo, uku akuthira kachasu m'matambula, anali a Nester.

"A Nester! Nyimbo imeneyo ndi mankhwala anga!"

"Iii a Ramsey, nyimbo ili ndi mwini? Makasitomala akuikonda. A Steward akundisunga kuno. Inu mukanandidyetsa ng'oma?"

"Mwabwereranso ku mowa?"

"Ine ndikungothira, sindikumwa."

Steward anandigwiritsa tambula m'manja. "Madala, iyi ndi for free. Composer wathu ndinu!"

Fungo lija linandilowa mpaka m'mafupa. Malovu anadzaza m'kamwa. Mwachizolowezi ndinatsegula pakamwa kuti ndidzipulumutse: "Botolo pita wekha..."

Shabini yonse inavomera, "Ramsey watsalaaa!"

Ndinaika tambula pansi. Sindinamwe, Mulungu ndi mboni. Koma njinga ndinachita kukankha mpaka kunyumba.

A Liness akuti, "Pekani ina bambo, mungathe." Amayankhula ngati nyimbo ndi malaya oti ukhoza kungosintha. Ija ndikangoiyamba, ndimamva kachasu pa lilime.

Masiku ano chikabwera ndimakhala pakhonde, ng'oma pakati pa miyendo, kuiomba pakamwa nditatseka. Manja amatupa, koma chimachoka ndithu, mochedwa.

Anzanga, munthu mugawireni chilichonse, ngakhale mtima. Koma chimene chimakuimitsani chilili, musamusungitse. Ine ndinasungitsa, lero akuchivina oledzera.