Mpeni wanu aupsereza pa makina

Bambo a Yohane, mpeni wanu auwononga. Mkamwini wanu anautengera ku Makata kukaunola pa makina a magetsi, ndipo wabwera utapsa, wafewa, ngakhale tomato ukungomufinya. Pondipepesa wandionetsa pa foni anthu a ku Japan akusula mipeni, ati akatswiri ndi amenewo. Ndaonera mpaka kumapeto. Makala omwewo, nyundo yomweyo, kunolanso ndi pamwala wothira madzi, monga munkachitira inu.

Ndakumbuka tsiku lomwe munausula kuseri kwa nyumba kuno ku Chigumula, kuchokera ku sipulingi ya lole. Ine ndinkavukuta, inu maso ali pachitsulo. Munati, "Imani mayi, chafika pa mtundu wa papaya wakupsa," n'kuchiviika mu oilo. Mutaunola munametera ubweya wa pamkono panu, n'kundipatsa mpeniwo. Chimwalirireni inu, mpeni wa m'sitolo sindinaugwirepo, ndipo sindiyamba lero.

Iwe Yohane mwana wanga, mvukuto wa bambo ako ukudyedwa ndi makoswe kwanu ku Mpingweko. Ubwere nawo Loweruka udzaubwezere pamoto mpeniwu. Kusula anakuphunzitsa, usanamizire kuiwala. Wovukuta ndikhala ine.